Galu wanga wayamba kufuna wamphongo: ndiziyenda naye kapena ndimutsekere?

Nambewe (Chilomoni):
Moni nonse m'gulu muno. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mwaweta agalu nthawi yaitali. Ndili ndi galu wamkazi, dzina lake Lulu, wa miyezi 9, wosakanizika German Shepherd ndi galu wakuno. Kuyambira Loweruka ndikuona timadontho ta magazi pakhonde, kumaliseche kwake kwatupa, ndipo akukodza pafupipafupi. Bambo akunyumba akuti wakula basi, wayamba kufuna wamphongo. Vuto ndi lakuti Lulu anazolowera kuyenda nane m'mawa uliwonse, timafika cha kumunsi kwa Michiru n'kubwerera. Chimutsekereni kumpanda wakumba maluwa onse, watafuna payipi ya madzi, usiku akungolira. Kodi pali njira yoti ndiziyenda naye osachita ngozi? Sindikufuna tiana chaka chino, mwiniwakeyo adakali mwana.

Bambo a Yamikani (Area 25):
Mayi, musayerekeze. Mutsekereni basi mpaka zithe. Ine wanga ndimamuika m'khola lake milungu iwiri, amatuluka pokhapokha kukadzithandiza kuseri kwa nyumba. Maluwa mudzabzala ena, koma tiagalu tikabadwa tisanu ndi titatu mudzatidyetsa chiyani ndi mmene ufa wakwereramu?

Aphiri (mlangizi wa ziweto, Zomba):
Mayi Nambewe, kuyenda naye n'kotheka, ndipo kwa galu wamphamvu ngati ameneyo n'kofunika. Koma muyambe mwamvetsa mmene nthawi imeneyi imayendera, chifukwa anthu ambiri amapusitsika pomwepa.

Zimene mukuonazo ndi gawo loyamba. Kawirikawiri limatenga masiku pafupifupi 9, ngakhale kwa agalu ena limatha m'masiku 3 okha, kwa ena limafika masiku 17. Magazi amakhala ofiira, amphongo amayamba kumununkhiza ndi kumulondola, koma iye amawakana. Amakhala pansi kapena kuwalusira. Kenako magazi aja amachepa, amasanduka otumbuluka ngati madzi otsukira nyama, ndipo kutupa kuja kumafewa. Apa mwini galu amapuma, amati zatha, n'kumasula tcheni. Chonsecho m'pamene zafika penipeni. Gawo lachiwirili ndi limene galu amalola wamphongo, ndipo ndi limene amatenga bere. Mukamukanda pamsana cha kumchira mudzaona waima nji, mchira waupatutsira kumbali. Nalonso limatenga masiku pafupifupi 9, koma kwa ena limafika milungu itatu.

Ndiye bambo a Yamikani, milungu iwiri yanuyo ndi yochepa. Tsiku la 14 agalu ambiri amakhala adakali pakati pa gawo loopsalo. Werengani kuyambira tsiku loyamba kuona magazi, muike masiku osachepera 21. Ine ndimauza anthu kuti afike 28, makamaka ngati ndi ulendo woyamba ndipo simukudziwa thupi la galu wanu.

Bambo a Yamikani (Area 25):
Aaa, ndiye kuti ine ndakhala ndikupulumuka mwamwayi? Chabwino ndamva za masikuwo. Koma za kuyenda nazo sindinakhutirebe, Aphiri. Kutuluka naye pageti n'kuitana agalu a m'dera lonse.

Aphiri (mlangizi wa ziweto, Zomba):
Agaluwo adziwa kale, bambo. Fungo lili mu mkodzo wake ndi m'zimene zikutulukazo, ndipo mphepo imalinyamula kudutsa mpanda. Kumutsekera m'kakhola milungu inayi sikuchotsa fungo, kumangowonjezera vuto lina. Galu wamng'ono wozolowera kuyenda ukamupanikiza amayamba kukumba pansi pa mpanda, kulumpha, kudula chingwe. Ndipo m'gawo lachiwiri lija si amphongo okha amene amafuna kulowa, iyenso amafuna kutuluka. Galu amene wagwiritsa ntchito mphamvu zake amagona, ndipo wogona sakumba.

Chimene ndikunena si kuyenda ngati kale ayi. Ulendo wa ku Michiru uimitsidwe kaye. Mphindi 15 kapena 20 zikukwana, kawiri patsiku ngati iye akufuna. Akhale pachingwe kuyambira asanatuluke pakhomo mpaka mutatseka geti pobwerera. Ngakhale akhale galu womvera chotani, amene mukamuitana kamodzi amabwera akuthamanga, masiku amenewa musamukhulupirire. Wogwira chingwe akhale munthu wamkulu, osati mwana. Ndipo muzimuyang'ana mwiniwakeyo: agalu ena nthawi imeneyi amakhala aulesi, amangofuna kugona. Akakhala choncho musamukakamize.

Mai a Chisomo (Ndirande):
Aphiri, ndikulemekezani, koma zimene mukunenazi zimadalira kumene munthu akukhala. Kuno kwathu agalu ongoyendayenda ndi ambiri zedi. Wamkazi mmodzi akayamba, mumaona gulu la amphongo likumulondola, akulumana okhaokha, ena makutu atang'ambika. Chaka chatha mwana wa aneba anga analumidwa pamwendo akupita kusukulu chifukwa anadutsa pakati pa gulu lotere. Anayenda maulendo kuchipatala kukabayitsa jakisoni wa chiwewe. Munthu wamayi ali yekha ndi chingwe m'manja angatani agalu asanu atamuzungulira?

Aphiri (mlangizi wa ziweto, Zomba):
Mwanena zoona mayi, ndipo sindikutsutsani. Kumene agalu osamangidwa ali ambiri choncho, m'masiku a gawo lachiwiri ndi bwino osatuluka n'komwe, masewera onse achitikire mkati mwa mpanda. Nkhani ya chiwewe si yoseweretsa. Bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu katemera mu Blantyre kuyambira 2015, koma simungadziwe ngati galu amene wakumana nanu panjira anabayidwa. Mayi Nambewe, Lulu anabayidwa wa chiwewe?

Nambewe (Chilomoni):
Eya, anabayidwa ali ndi miyezi itatu, khadi lake ndili nalo. Kwathu kuno agalu oyendayenda alipo koma si ochuluka ngati mmene akunenera mai a Chisomo. Ambiri anthu amawamasula usiku kuti azilondera, m'mawa n'kuwamanganso.

Achimwene a ku Bvumbwe:
Pamenepo ndiye musamale ndi nthawi yotulukira, achemwali. Anthu ambiri amalangiza kuti tulukani m'mbandakucha kapena usiku kulibe anthu. Kuno kwathu malangizo amenewo ndi olakwika, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene agalu olondera amakhala ali omasuka, akungozungulira m'misewu. Ine ndinaona kuti nthawi yabwino ndi cha m'ma 7 kapena 8 koloko m'mawa, eni ake atawamanga kale, dzuwa lisanakwere. Madzulo muzibwerera kusanade, anthu asanayambe kumasula.

Masana musayese ndi kutentha kwa Okutobala kuno. Ikani kuseri kwa dzanja lanu pa tala, mukalephera kupirira masekondi asanu ndiye kuti mapazi a galu apsa. Tengani kabotolo ka madzi.

Mai a Chisomo (Ndirande):
Zoona zimenezo za agalu olondera. Sindinaziganizire.

Nangozo (Leeds):
Ndalowa mochedwa, pepani. Ine ndili ndi Labrador wamkazi kuno, wadutsa nthawi imeneyi kangapo. Zina za kuno sizingagwire ntchito kumudzi, koma ziwiri ndikuona kuti zingathandize.

Choyamba ndi chomangira. Lamba wa pakhosi galu amatha kumuvula akabwerera chambuyo mwamphamvu, mutu umangotuluka. Ine ndimamuveka chomangira cha pachifuwa ndi m'mapewa, kenako ndimakolanso chingwe china pa lamba wa pakhosi. Chimodzi chikavuka, china chagwira. Muonenso kachitsulo kokolera, tambiri totsika mtengo timatseguka tokha galu akakoka.

Chachiwiri, sindiyambira ulendo pakhomo. Ndimamukweza m'galimoto, n'kupita kumalo opanda agalu, tikayenda kumeneko n'kubwereranso pagalimoto. Wamkazi akamayenda amakodza pang'onopang'ono malo ambiri, ndipo mkodzo umenewo ndi uthenga kwa amphongo. Mukayenda wapansi kuchokera pageti n'kubwerera, mwawalembera njira yonse yofikira pakhomo panu. Ku paki kumene anthu amamasula agalu sindipita mwezi wonsewo.

Nambewe (Chilomoni):
Zikomo achemwali. Galimoto ndiye tilibe, ndipo Lulu ndi wolemera, sindingamunyamule. Za zomangira ziwirizo ndichita lero lomwe.

Achimwene a ku Bvumbwe:
Popanda galimoto, muzimusiya akodze kaye mkati mwa mpanda musanatuluke. Mukatuluka muziyenda mwachangu osamulola kuima pafupi ndi nyumba. Pobwerera thirani madzi a sopo pageti ndi pamene wadontheza. Sizichotsa fungo lonse koma zimachepetsa. Muzitenganso munthu wachiwiri, kaya bambo akunyumba kaya mnyamata wamkulu. Mmodzi agwire chingwe, wina aziyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo. Mukaona wamphongo patali, tembenukani pomwepo, musadikire kuti muone ngati ndi wofatsa. Musathamange, kuthamanga kumawautsa mtima. Ambulera imathandiza, mukaitsegula mwadzidzidzi pakati pa iye ndi wanuyo ambiri amabwerera m'mbuyo.

Tadala wa ku Mzuzu:
Ine ndinamva kuti ukapaka Vicks kumchira amphongo samva fungo. Ena akuti thewera la agalu limathandiza. Zoona?

Aphiri (mlangizi wa ziweto, Zomba):
Vicks musapake. Galu amanyambita pamenepo nthawi zonse, ndipo zimene zili m'mankhwalawo zimamuwotcha ndi kumudwalitsa. Mphuno ya wamphongo simungainamize ndi zimenezo. Thewera ntchito yake ndi kuteteza mipando ndi simenti ya m'nyumba basi. Wamphongo amalikankhira kumbali kapena kuling'amba. Mukamuveka, muzisintha pafupipafupi, apo ayi khungu limanyeka, makamaka kukutenthaku.

Ndiwonjezere ichi popeza tikunena za mankhwala: mukaona ngati akumva kupweteka musamupatse Panado kapena Brufen wa anthu. Brufen amawononga m'mimba ndi impso za galu, Panado naye akachuluka amawononga chiwindi.

Nangozo (Leeds):
Mayi Nambewe, za masiku amene simungatuluke aja. Galu satopa ndi miyendo yokha, mphuno ndi mutu zimamutopetsanso, mwinanso kuposa. Ine masiku oopsawo chakudya sindimuikira m'mbale. Ndimamwaza m'kapinga kuti azisaka kamodzikamodzi. Kwanuko mungagwiritse ntchito bonya kapena usipa wouma, mudule tizidutswa. Muyambe ndi malo osavuta iye akuona, kenako muzibisa pansi pa chidebe, kuseri kwa mtengo, m'katoni yakale. Mphindi khumi za kusaka koteroko amatuluka lilime lili panja.

Chingwe chokhuthala chokokerana nacho chimathandizanso, ndi mpira ngati bwalo lanu lili ndi malo. Ndipo ino ndi nthawi yabwino yomuphunzitsa kukhala pansi, kudikira pageti, kubwera mukamuitana. Pang'onopang'ono, mphindi zisanu zisanu, kangapo patsiku. Popeza akukumba, musankhireni ngodya imodzi, mukwirire fupa lalikulu laliwisi la ng'ombe pamenepo, azikumba pake. Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, ayi, amathetheka n'kumubaya m'matumbo.

Bambo a Yamikani (Area 25):
Koma ngakhale mkati mwa mpanda musamusiye yekha. Mnzanga wina ali ndi mpanda wa njerwa wautali ndithu, wamphongo anakwera pa mulu wa mchenga umene unali kunja n'kudumphira mkati. Wina anapanga zake kudzera pa mpanda wa waya osalowa n'komwe. Zungulirani mpanda wanu muone pansi pa geti ndi m'ngalande yotulutsira madzi. Usiku agone m'nyumba kapena m'chipinda chokhoma.

Tadala wa ku Mzuzu:
Bwanji osangomubaya jakisoni wakulera? Kuno anthu ambiri amabaya agalu Depo yemweyo wa amayi, akuti galu sayambanso zimenezi.

Aphiri (mlangizi wa ziweto, Zomba):
Achemwali, chonde musachite zimenezo, ndipo muwauze anzanuwo. Ndikudziwa kuti zafala chifukwa n'zotsika mtengo. Jakisoni ameneyo amasintha mkati mwa chiberekero cha galu, ndipo amachititsa kuti chidzaze mafinya. Kumubaya galu atayamba kale kutaya magazi ndiye koopsa kwambiri. Amawonjezeranso zotupa za m'mawere. Agalu otere ndawaonapo, amafika mimba ili tantha, osadya, ndipo chowapulumutsa ndi opaleshoni yadzidzidzi yokha, imene ndi yodula komanso yoopsa kuposa kungochotsa chiberekero galu ali bwino. Ena amafika mochedwa. Zimandipweteka mtima chifukwa mwini wake amakhala anachita pofuna kuthandiza.

Mai a Chisomo (Ndirande):
Nanga zikachitika mwangozi panjira, wamphongo wakwera ndipo amatirirana? Anthu kuno amawathira madzi otentha kapena kuwamenya ndi ndodo kuti alekane.

Aphiri (mlangizi wa ziweto, Zomba):
Akamatirirana asiyeni. Chiwalo cha wamphongo chimatupa chili mkati, ndipo minofu ya wamkazi imachigwira. Sangalekane mpaka kutupako kutaphwa, kawirikawiri pakati pa mphindi 5 ndi 30. Kuwakoka kumang'amba onse awiri, ndipo sikuletsa bere chifukwa umuna umakhala utalowa kale. Kumenya ndi madzi otentha ndi nkhanza chabe, komanso m'pamene anthu amalumidwa. Gwirani wanuyo pachingwe modekha kuti asakoke, thamangitsani ana, dikirani.

Akalekana lembani tsiku, pitani kwa a vetenale msanga. Pali jakisoni wa agalu wochotsa bere, ndipo ena amasankha kuchotsa chiberekero. Dokotala ndi amene angakuuzeni choyenera. Musaganizenso kuti poti zachitika ndiye basi mungomumasula. Akhoza kukweredwanso ndi wina, ndipo tiana ta bere limodzi timatha kukhala ndi abambo osiyana. Bere la galu ndi masiku pafupifupi 63.

Pali chinanso chimene anthu sachidziwa. Pakati pa agalu oyendayenda pali chotupa chopatsirana pokwerana, madokotala amati TVT. Chimamera kumaliseche, chofiira, chonyenyeka, chimatuluka magazi osalekeza. Ena amaganiza kuti galu wawo ali pa nthawi yake miyezi iwiri, chonsecho ndi chotupacho. Chimachira ndi jakisoni wa vincristine wa mlungu ndi mlungu, koma ndi ndalama ndi maulendo. Ndiye chingwe chija sichikuteteza ku tiana tokha ayi.

Nambewe (Chilomoni):
Ndabweranso kudzakuuzani mmene zikuyendera. Lero ndi tsiku la 11. Masiku apitawa takhala tikutuluka cha m'ma 7, ine ndi bambo akunyumba, mphindi 20, njira ya kuseri kumene kulibe nyumba zambiri. Anasiya kulira usiku, ndipo za bonya m'kapinga zija wazikonda kwambiri, akangondiona ndi kapepala amayamba kununkhiza pansi.

Koma kuyambira dzulo zasintha monga munanenera Aphiri. Magazi atumbuluka, pakhonde sindikuonanso madontho. Ndikanapanda kuwerenga muno ndikanati wachira. M'mawa uno tapeza amphongo awiri atagona pageti, ndipo Lulu m'malo mowauwa anali kukanda geti, mchira uli kumbali. Sitinatuluke. Ndaganiza kuti mlungu uno wonse tisewere mkati.

Achimwene a ku Bvumbwe:
Mwachita bwino. Auzeni onse a pakhomopo, ndi wantchito yemwe ngati alipo, kuti asanatsegule geti ayambe aona kuti Lulu ali pachingwe kapena m'nyumba. Ngozi zambiri zimachitika mwana akamapita kukagula tomato n'kusiya geti lotsegula. Amphongo a pagetiwo musawagende, ngati mukudziwa eni ake apempheni awamange masiku ochepawa.

Bambo a Yamikani (Area 25):
Ndiye kuti pamapeto pake mwamutsekerabe, monga ndinanenera ine.

Nambewe (Chilomoni):
Mlungu umodzi wokha bambo, ndipo si m'khola. Akuthamanga pabwalo ine ndili pomwepo. Ndikanamutsekera kuyambira tsiku loyamba n'kumumasula pa 14, ndikanamumasula nthawi yolakwika.

Aphiri, ndidziwa bwanji kuti zatheratu? Ndipo ndikufuna ndimuchotsetse chiberekero, sindingakwanitse zimenezi kawiri pachaka. Ndipite liti?

Aphiri (mlangizi wa ziweto, Zomba):
Mudzaona kutupa kwaphwa kubwerera pafupifupi mwakale, palibe chikutuluka, mukamukanda pamsana sapatutsanso mchira, ndipo amphongo asiya kugona pageti. Zonsezi zikaoneka pamodzi, onjezerani masiku angapo muli pachingwe, kenako muyambe kutalikitsa ulendo pang'onopang'ono. Ku Michiru mubwerereko tsiku la 28 litadutsa.

Opaleshoni musapite pano. Nthawi imeneyi mitsempha ya chiberekero imakhala yodzaza magazi, galu amatha kutaya magazi ambiri. Madokotala ambiri amadikira miyezi iwiri kapena itatu zitatha, koma isanakwane nthawi ina, imene kwa agalu ambiri imabwera pakatha miyezi pafupifupi 6. Ku Blantyre kuli a BSPCA, ku Lilongwe a LSPCA (mabungwe osamalira nyama), komanso madokotala a ziweto oyima paokha. Afunseni tsopano za mtengo ndi tsiku kuti mukonzekere.

Pa miyezi iwiri yodikirayo mukhale tcheru. Matenda a mafinya m'chiberekero aja amagwiranso agalu amene sanabayidwe Depo, ndipo amakonda kuoneka milungu 4 mpaka 8 nthawi imeneyi itatha. Amagwira kwambiri agalu okulirapo, koma wamng'ono sizitanthauza kuti ndi wotetezeka. Mukaona akumwa madzi kwambiri, akukodza kwambiri, wafooka, sakudya, akusanza, kapena kumaliseche kukutuluka zonunkha, musadikire m'mawa. Nthawi zina sikutuluka kanthu chifukwa njira yatsekeka, mimba imangokula, ndipo mtundu umenewo ndi woopsa koposa. Pa ulendo wa m'mawa m'pamene mungazindikire msanga: galu amene amakukokani akayamba kutsalira m'mbuyo, pali chifukwa.

Nangozo (Leeds):
Wanga milungu ingapo zitatha anayamba kutolera nsapato kukaziika pogona pake, mawere anatupa mpaka kutuluka mkaka, chonsecho sanakumane ndi wamphongo. Dokotala anati ndi bere labodza, limatha lokha. Anandiuza kuti ndisamamufinye mawere, ndipo ndiziyenda naye kwambiri kuti aiwale. Anatinso opaleshoni idikire mpaka mkaka utauma. Ndanena kuti musadzadzidzimuke zikadzachitika kwa Lulu.

Tadala wa ku Mzuzu:
Ine wanga anabayidwa Depo mwezi wa Ogasiti, ndinali ndisanamve zonsezi. Pano akuoneka bwinobwino, akudya. Nditani?

Aphiri (mlangizi wa ziweto, Zomba):
Musabwerezenso jakisoniyo. Pitani naye kwa a vetenale mlungu uno ngakhale akuoneka bwino, muwauze tsiku limene anabayidwa ndi kuchuluka kwa mankhwalawo ngati mukukumbukira. Amupime mimba ndi mawere, ndipo mukambirane za kuchotsa chiberekero. Pakadali pano muziona kuchuluka kwa madzi amene akumwa patsiku: muzimuthirira m'chiwiya chimodzimodzi, mulingo umodzimodzi, kuti akayamba kumwa mopitirira muzindikire tsiku lomwelo.